Msilikali Wotola Maluwa

Bushra sanapite kwa Tedson kukasaka mwamuna ayi. Anapita kukatchajitsa foni. Magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake, ndipo pa Dwambazi ponse malo ometera a Tedson okha ndi amene anali ndi sola yodalirika.

Kuseri kwa mpando wometera kunali kompyuta yakale, ndipo mnyamata wina wamtali anali ataiweramira. Pagalasi pake msilikali wa chishango chachikulu ankalimbana ndi chilombo cha mitu iwiri. Bushra anaiwaliratu kuti wasiya beseni la mpunga wogulitsa kumsewu. Anaona chilombo china chikunyang'ama kuchokera m'phanga.

"Kumbuyo kwanuko!" anakuwa.

Mnyamatayo anatembenuka iye mwini n'kuyang'ana kukhomo. Pomwe amabweza maso, msilikali wake anali atagona chagada. Tedson anaseka mpaka anazimitsa makina ometera.

"Mwandiphetsa, achemwali," anatero mnyamata uja.

"Ine ndimauza wa m'katiyo. Inuyo mumatembenukiranji?"

"Chabwino. Poti maso muli nawo, khalani apa mundibwezerere."

Dzina lake anali Yusuf, ndipo ankakonza mainjini a maboti. Masewerawo anali ndi dzina lachingerezi lopinda lilime, choncho anyamata a pamalopo ankangowatcha Chigwa cha Phulusa. Yusuf anamuuza kuti asankhe munthu wake: wa lupanga, woponya mivi, kapena wotulutsa moto m'manja.

"Wamotoyo ayi," anatero Bushra. "Amayi angandithamangitse kuti ndayamba ufiti."

Anasankha mtsikana woponya mivi, wa tsitsi loluka lofika m'chiuno, n'kumupatsa dzina lake lomwe: Bushra.

Musamuseke. Mtsikana amene tsiku lonse amangomva "khala bwino", "tsitsa mawu", "usathamange pali anthu", m'Chigwamo ankadumpha madenga, kukwera nsanja, kulasa zinjoka zili m'mwamba. Kunja kuno ukapeta mpunga lero, mawa umapeza wina ukudikira, ndipo palibe amakuuza kuti wakula. M'katimo ayi. Chilombo chilichonse chimene wagwetsa chimakuwonjezera mphamvu, uta wako umasintha ukuona, ndipo ukafa umadzuka pachipata cha mzinda n'kukayesanso. Ndani sangakonde dziko lotero?

Yusuf anali wopupuluma. Akangoona mdani ankathamanga yekha patsogolo, osadikira, osatola ngakhale tsamba limodzi la mankhwala a m'njira.

"Zotolatola n'za anthu amantha," ankatero.

"Nanga ukagwa amakudzutsa ndani?"

"Iwe, mankhwala anga. Ndikatolerenso ena a chiyani?"

Pakamwa pake panali pothira shuga mnyamata ameneyu. Anamuikira masewerawo pafoni, ndipo mauthenga anayamba kugwa ngati mango a mu Disembala. "Nyenyezi yanga, wadya?" "Mtima wanga, lero injini yandivuta chifukwa ndimaganiza za iwe." Bushra ankawerenga atabisa foni pansi pa lichero, akumwetulira yekha mpaka ogula ankafunsa ngati mpunga wakwera mtengo.

Kenako ntchito ya mainjini inachepa, ndipo Yusuf anachita zimene anyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja amachita. Anaganiza za ku Joni.

Tsiku lonyamuka anaima naye pasiteji, chikwama chili paphewa.

"Wallahi, Bushra, ndikangopeza poyambira ndibwera tidzamange ndowa, ukhale mkazi wanga. Abale anga adzafika kwa amalume ako usana dzuwa likuwala."

"Amene amapita uko amaiwala, Yusuf."

"Ena amenewo. Ife tili ndi kwathu. Tizikumana pamlatho wamiyala uja, nthawi yopuma masana. Malire a mayiko m'Chigwamo mulibe."

Anasungadi mawu ake, poyamba. Masana aliwonse Bushra akaswali, ankatsegula foni n'kupeza msilikali wa chishango ataima pamlatho. Iye ali pa Dwambazi, mnzake ali ku Debeni, koma ankayenda phewa ndi phewa m'nkhalango imodzi. Chaka chinatha, china n'kuyamba. Aphunzitsi ena a ku Kanyenda anatumiza mawu kwa amalume ake, Bushra anakana. Mwini chigayo cha mpunga anayesanso, anakanidwa.

"Ndiye mwamuna wakoyo ali m'kafonimo?" anafunsa mayi ake tsiku lina.

"Abwera, amayi. Analumbira."

"Ine ndikungofunsa, mwanangu. Anzako onse akubereka ana kumbuyo."

Ramadhani isanayambe, msilikali uja anasiya kuoneka. Nambala ya Yusuf sinkapezekanso. Bushra ankaima yekha pamlatho mpaka bandulo kutha, dzina la wokondedwa wake lili lotuwa, kusonyeza kuti mwini wake kulibe. Kodi apolisi amugwira chifukwa cha mapepala? Kodi wadwala? Kodi wafa, uthenga osafika? Anaonda mtsikana, ndipo zovala za Idi zinamukulira.

Ndiye masana ena, akuthira mpunga m'chitini cha wogula, dzina lija linayaka. Chitini chinagwa.

"Yusuf! Unali kuti? Ukufuna kundipha?" analemba Bushra.

Msilikali anaima nthawi yaitali osagwedezeka. Kenako panabwera mawu awiri okha.

"Ndilipo. Pepa."

"Ndiyimbire pompano."

"Foni ili ndi vuto. Sindingayimbe."

Bushra anakhululuka nthawi yomweyo. Chikondi chimakhululuka chisanamve n'komwe mlandu wake.

Koma Yusuf anabwerera wosinthika. Tsiku loyamba anakagunda khoma katatu. Anagwera mumtsinje wopanda mdani aliyense womuthamangitsa. Chilombo chikatulukira, msilikali wamphamvu uja ankathawira kumbuyo kwa woponya mivi, chishango chili m'manja.

"Ku Joni akudyetsa chiyani? Waiwala kumenya?" anamuseka Bushra.

"Ndiphunzitsenso."

Anamuphunzitsadi: batani ili ndi lotchinga, ili ndi lodumpha, ukaona maso a chinjoka afiira thawira kumanzere. Msilikali anamvera zonse osatsutsa, chinthu chimene Yusuf wa pa Dwambazi sanachitepo. Chodabwitsa kwambiri chinali chakuti tsopano ankaima paliponse kutola masamba ndi maluwa. Akafika pamwamba pa phiri ankangozungulira, kuyang'ana dzikolo mbali zonse, mpaka Bushra kumukalipira kuti bandulo ikutha.

Mayina okoma aja anasowa. Panalibenso "nyenyezi yanga". Koma tsiku lililonse analipo, ndipo ankafunsa zinthu zimene kale sankafunsa: mvula yagwa kwanu? Mango apsa? Amayi ali bwanji mwendo uja?

"Umandikondabe?" anafunsa Bushra tsiku lina.

Msilikali anamuyandikira. Anatulutsa duwa lofiira m'thumba mwake n'kuliika pamapazi a woponya mivi. Bushra anakumbatira foni pamtima. Anati mwina umu ndi mmene mwamuna amakondera akakhwima, mawu ochepa, mtima wodekha. Anamukonda kuposa kale.

Ndipo anatopa kudikira. Mwakachetechete anapangitsa pasipoti. Anagulitsa mpunga wonse umene anasunga, ndi makina osokera amene malemu bambo ake anamusiyira. Analankhula ndi thiransipota wonyamula anthu opita ku Joni. Amalume ake anakalipa, mayi ake analira, koma Bushra anali atalongedza kale chikwama.

Anaulula nkhaniyi ali pamlatho, Lachiwiri masana, atakhala pakhonde la kwa Tedson foni ili pachaja.

"Ndili ndi nkhani yabwino, mtima wanga. Loweruka ndikunyamuka. Ndikubwera kwa iwe. Ndowa tidzamangira konko."

Msilikali anaima zii.

"Yusuf? Netiweki?"

"Usabwere."

"Chifukwa?"

Kenako kachizindikiro ka kuyankhulana ndi mawu kanayaka pakona pagalasi. Foni ija imene inali ndi vuto inali ikuyimba. Bushra anavala mahedifoni.

"Yusuf wanga?"

"Si Yusuf, achemwali."

Anali mawu a mkazi, otsika.

"Ndinu ndani? Foni ya Yusuf mwaitenga kuti? Ali m'chipatala?"

"Ali bwinobwino, ali kuntchito. Dzina langa ndi Keti, kwathu ndi ku Mulanje. Ndine mkazi wake."

Bushra anamva makina a Tedson akulira m'katimo, minibasi ikuitanira anthu a ku Dwangwa, zonse ngati zili kutali kwambiri.

"Mukunama," anatero.

"Ndikanakonda ndikanakhala ndikunama. Anagula foni yatsopano n'kusintha nambala, iyi anandipatsa ine. Masewerawa anaiwala kufufuta."

"Ndiye miyezi yonseyi..."

"Ndinali ine. Iye sanalowemonso kuyambira Ramadhani isanayambe. Sakudziwa n'komwe kuti ndimasewera."

Misozi inayamba kugwera pagalasi la foni. Woponya mivi ndi msilikali anali ataimabe pamlatho, moyandikana.

"Munkandiseka eti? Mukamaliza kusewera mumakhala pansi n'kumaseka chitsiru cha ku Nkhotakota?"

"Ayi, achemwali. Mulungu ndi mboni." Keti nayenso anali akulira. "Tsiku loyamba nditalowa ndinawerenga mauthenga anu onse, mkwiyo unandigwira. Ndinkafuna ndikutukwaneni. Koma munalemba kuti, 'Ukufuna kundipha?' ndipo ndinasowa mawu. Ndinati ndidzanena mawa. Mawa lake munandiphunzitsa kudumpha."

Keti anapitiriza.

"Ine kuno ndilibe mapepala. Ndimakhala m'kachipinda kamodzi, zenera lake loyang'ana khoma. Iye amachoka m'mamawa n'kundiuza kuti ndisatsegulire aliyense. Miyezi imatha osaponda msewu. M'Chigwamo ndi mmene ndinaonanso mitengo, achemwali. Ndinathamanga. Ndinakwera phiri. Ndipo munthu yekhayo amene ankandilankhula masana munali inu. Ndinkadziwa kuti ndikukuberani, koma ndinkaopa kuti ndikanena mudzachoka."

"Duwa lija?"

"Munandifunsa ngati ndimakukondani. Sindikanatha kukuyankhirani m'malo mwa iye. Duwalo linali langa."

Bushra anafuna kumuda mkazi ameneyu. Anayesetsa ndithu. Koma ukamuda bwanji munthu amene wakhala ukumutchinga kwa zilombo miyezi yonseyi, amene amadziwa za mwendo wa amayi ako? Chidani chinasowa pokhala, chinangotsala chisoni chokhachokha.

"Anakuuzaniko za ine?" anafunsa motsitsa.

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi. Musakwere galimoto imeneyo, ndapota nanu. Mudzafika kuno opanda kolowera."

Bushra anaganiza za makina a bambo ake amene tsopano anali m'nyumba ya eni, za chikwama chimene chinali pamphasa, za nkhope ya amalume ake akadzamva. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi, a Keti. Inu simunkadziwa masewera. Chinakupangitsani kutsegula n'chiyani?"

"Foni inkangolira masana aliwonse, ikulemba kuti wina akudikira pamlatho. Ndinaona dzina, ndinadabwa."

"Munadabwa chiyani, poti simunkandidziwa?"

Keti asanayankhe, kumbuyo kwake kunamveka kulira kwa khanda. Kunamveka bedi likulira, mapazi, kenako mawu a Keti atatalikirana ndi foni, ofewa, a mayi wonyamula mwana wake.

"Tonthola, Bushra. Tonthola, amama. Ndabwera."

Bushra wa pa Dwambazi anagwira mzati wa khonde.

"Dzinalo anasankha ndi iye," anatero Keti atabwerera pafoni, mwana akusisima paphewa pake. "Anandiuza kuti ndi la agogo ake."

"Ali ndi miyezi ingati?"

"Wayamba kukwawa."

Bushra sanafune kuwerengera, koma mutu unawerengera wokha. Pamene mwanayu ankabadwa, Yusuf anali akubwerabe pamlatho masana aliwonse, akumutcha nyenyezi yake, akulumbira kuti chaka chino sichitha asanabwere.

"Achemwali, mulipo?"

"Ndilipo," anatero Bushra. "Muyamwitseni mwanayo, ali ndi njala."

Anavula mahedifoni, anazula foni pachaja isanadzaze, n'kuyamba ulendo wopita kunyumba. Anapeza mayi ake ali m'chipinda, akukankhira kathumba ka usipa wouma m'chikwama chija kuti mkamwini akalawe za kwawo.

"Tulutsani, amayi," anatero. "Tidya tokha."