Chitseko Chomanga ndi Waya

Ine ndine Norbert, ndimakonza magalimoto pakhomo panga ku Silverest, ndipo ndili ndi kachizolowezi kopusa. Ndikamaliza ntchito yovuta ndimamenya galimoto ndi chikhatho n'kunena kuti, "Basi, tafika!" Mkazi wanga Hellen amandiseka nazo. Amati ndimafika tsiku lililonse koma sindichoka pansi pa mango.

Tsiku lina ndinagula galimoto ya vaneti ku Nkomeshya. Inali yakalekale, ya malemu ba Tenson, mlimi amene kwawo kunali ku Katete. Ndinaipeza matayala ataphwa, nkhuku zikuikira kumbuyo kwake. Koma ndinaikonda nditangoiona. Komanso Hellen anali ndi pakati, ndipo sindinkafuna kuti tsiku lake likadzakwana ndidzayime pamsewu kukodola maminibasi.

Chitseko cha kumanzere, kokhala wokwera, chinali chomanga ndi waya wa mpanda, wopotapota mpaka kuchita mfundo. Ednah, mwana wa malemuwo, anandiona ndikuugwira.

"Ba Norbert, vonse mukonze," anatero. "Koma ici citseko musiye cabe."

"Cifukwa?"

"Musiye cabe."

Ndinaseka. Kumuuza makaniki kuti asiye chitseko chomanga ndi waya n'kungomuputa dala.

Injini ndinaidzutsa, mabuleki ndinakonza, penti ndinapaka. Chitsekocho ndinachisiyira kumapeto, osati chifukwa cha mantha, koma poti ndinkachiona ngati kantchito ka masewera. Tsiku lochikonza, magetsi anathima dzuwa litangolowa. Hellen anakagona msanga, msana ukumupweteka, mapazi atatupa. Ine ndinaluma foni ndi mano kuti indiwunikire, n'kudula waya uja ndi pulaya.

Nditachotsa bolodi la mkati mwa chitseko, ndinkayembekezera kupeza sipuling'i yothyoka kapena loko wodyeka ndi dzimbiri. Panalibe chothyoka. Kandodo kachitsulo kochokera ku chogwirira cha mkati kanali kokoledwa bwinobwino, n'kupindidwira m'mwamba. Limeneli silinali dzimbiri. Linali dzanja la munthu amene sankafuna kuti chitsekocho chitseguke kuchokera mkati.

Ndinadabwa, koma manja a makaniki sadikira mutu. Ndinatsuka loko ndi palafini, ndinapaka girisi, ndinawongola kandodo kaja n'kukabwezera m'malo mwake. Pamtanda pomwe loko amaluma ndinamasula pang'ono, n'kukweza, n'kumanganso. Nditakankha chitseko chinangoti khethe, ngati cha galimoto yatsopano.

Ndinazungulira n'kukhala pampando wa dalaivala, mtima uli mbee. Ndinamenya chiwongolero.

"Basi, tafika!"

Pambali panga munthu anausa moyo.

Kunali kuusa kwa munthu wamkulu, wotopa ndi ulendo. M'galimoto munadzaza fungo la mafuta a kamfa. Sindinatembenuke. Khosi linakana. Ndi ngodya ya diso ndinangoona chogwirira chimene ndinali nditangochikonza chikutsika chokha, pang'onopang'ono.

Khethe.

Chitseko chinatseguka. Mbali ya kumanzere ya vaneti inanyamuka pang'ono, monga imachitira munthu akatsika. Kenako ndinamva patapata pamiyala, akukokedwa, khwee, khwee, kulowera kunyumba. Galu wathu, amene amauwa ngakhale pepala louluka, anakwawira pansi pa galimoto n'kumalira chamumtima. Chitseko cha kukhitchini ndinali nditachisiya chotsegula. Nsalu yake inagwedezeka, kulibe mphepo.

Ndinachita mantha, sindibisa. Koma m'nyumbamo munali Hellen ndi mwana wanga wosabadwa, ndiye ndinathamanga chogwaigwa. Kukhitchini kulibe munthu. Pabalaza palibe munthu. Kuchipinda Hellen anali mtulo, akupuma bwino. Koma fungo la kamfa linali litandipitirira kale.

Ndinatuluka panja n'kuimbira Ednah foni.

"Mwatsegula," anatero ndisanayankhule n'komwe.

"Natsegula."

"Munakambako ciliconse?"

"Nakamba cabe ati tafika."

Apo m'pamene anandifotokozera. Mayi ake, ba Clotilda, anamwalirira pampando umenewo, panjira, pochokera kuchipatala. Kwawo, munthu akafera paulendo amamuyankhula njira yonse, ndipo akafika pakhomo amamutsegulira n'kumuuza kuti tafika, tsikani. Akapanda kuuzidwa, amakhala pomwepo kudikira. Thupi analitulutsira mbali ya dalaivala. Achibale anawakumbutsa ba Tenson za mawu aja mpaka kutopa.

"Atate anakana," anatero Ednah. "Anati, nikabauza kuti tafika, nizayamba kuyenda na ndani? Ndiye anamanga citseko. Anayenda nabo conco kufikila nabo anafa. Ise tinayopa, ndiye cifukwa tinagulitsa."

"Manje nicite bwanji?"

"Bayesa apo ndiye pa nyumba pao. Bapempheni bakwele, mubabweletse kuno. Manje manje, ba Norbert. Bakazolowela sibazacoka."

Ndinaima pakhomo la khitchini, chipewa m'manja, bambo wandevu zake kuyankhula ndi mdima.

"Amai, pepani, nalakwitsa kukamba. Pano si panu. Tiyeni nikupelekeni."

Ndinapita kukagwira chitseko cha vaneti n'kudikira. Ndinamva ngati kamphepo kandidutsa. Ndinaona ngati galimoto yatsika pang'ono. Ndinatseka mwaulemu, ndinakhoma nyumba, n'kuliza injini.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Maso ndinawamata pamsewu. Ndinkayankhula njira yonse monga Ednah anandiuzira. "Amai, manje tasiya tala, yayamba ya fumbi. Amai, apa tiwoloka kamtsinje." Palibe anayankha. Mabampu aliwonse mpando wa kumanzere unkalira, ndipo ine ndinkathokoza Mulungu kuti ukulira. Pena ndinkanunkhiza kufuna kumva kamfa. Ndinkangomva girisi wa m'manja mwanga, koma ndinadziuza kuti n'chifukwa cha windo lotsegula.

Ednah ndinamupeza ataima pabwalo ndi nyali, atafunda chitenje kumutu. Anabwera yekha kuchitseko cha kumanzere, anagwada, n'kutsegula.

"Amama, tafika. Tsikani."

Tinadikira. Vaneti sinanyamuke. Patapata sanamveke. Ednah analowetsa mutu, anagwira mpando ndi chikhatho, ananunkhiza. Kenako anandiyang'ana.

"Mulibe munthu umu. Mwabwela mweka."

Mmene ndinayendera pobwerera sindikudziwa. Ndinafika kukucha, atambala akulira. Ndinalowa ndikuitana dzina la Hellen ngati wamisala.

Ndinamupeza atakhala pabedi, akudziwongola, nkhope ili ngwee.

"Iwe, nanga kupunda kwa cani?" anatero akuseka. "Lelo ndiye nagona! Kuwawa kwa msana konse kwasila. Nenze kulota ba mbuya benangu banityanka mendo, kunisisita na mafuta, bwino bwanji."

Ndinayang'ana mapazi ake. Kutupa kunali kutatha. Ankanyezimira, ndipo chipinda chonse chinali kamfa yekhayekha. Ife kamfa sitisunga.

"Norbert," anatero akusisita mimba, "akankhala mukazi, dzina nalipeza. Clotilda. Sinidziba kwamene lacokela, koma lanikhala pamtima."

Za Nkomeshya sindinamuuzepo kanthu, ngakhale dzina limodzi.

Aneba amene anandiona ndikubwera m'mawa umenewo amanong'onezana kuti vaneti ndinaigula ndi mwini wake. Ena amati agogowo alibe choipa, angopeza ntchito yolera. Mwina n'zoona. Koma ine ndikuopa, chifukwa sindikudziwa chimene akudikira.

Hellen mwezi wake ndi uno. Chikwama cha kuchipatala chili kale pampando wa kumanzere, ndipo loko uja amatseka bwino kuposa ntchito iliyonse imene ndinagwirapo. Madzulo aliwonse ndimatsegula chitsekocho, ndimavula chipewa, n'kupempha kuti amai kwelani.

Vaneti sitsika. Ndipo kuchipinda ndimamva Hellen akuseka, akuti mwana wagunda.