Linga lotsekedwa ndi madzi

M'masiku a Mfumu Nthondwe, pamene achifwamba ogwira anthu ankatentha midzi ya kuchigwa chaka ndi chaka, bwalo linagwirizana zosamuka. Koma kulowera kuti? Amalonda a mchere ankakamba za linga lamiyala kunyanja yaikulu ya kum'mawa, limene eni ake adalisiya kalekale. Mfumu inatuma Kadzitche kukaliona. Ameneyu anali mlenje wolimba mtima, koma pakamwa pake, abale! Akapha gwape kutchire, pofika kumudzi gwapeyo amakhala atasanduka njati.

Anayenda mwezi wathunthu. Tsiku lina m'mawa anangoti tulukiru pagombe, linga lija lili apo, patsidya pa mchenga wonyowa. Anathamanga ngati mwana. Makoma ake anali otalika kuposa mgwalangwa, kachere atamera m'ming'alu, zipinda zili yasa zopanda madenga, pakati pali chitsime cha madzi abwino. Anaomba m'manja kupepesa eni bwinja, nathira ufa pansi, kenaka anakwera pamwamba penipeni ndi kufuula yekha chifukwa cha chimwemwe.

Potsika kuti azibwerera, njira panalibe. Ponse pamene anaponda panali madzi, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Anagwidwa nthumanzi, poganiza kuti walakwira mizimu. Koma dzuwa litapendeka madziwo anachoka okha. Anakhalako masiku anayi akuonetsetsa, ndipo madziwo sanaphonye: ankabwera, nkupita.

Atafika kwawo anaima pabwalo. "Mwini dziko, ndapeza mudzi umene nyanja imautsekera khomo, nkudzautsekuliranso tsiku lomwelo. Mdani akachedwa panjira, madzi atimenyera nkhondo!"

Nduna yaikulu, Chipwaira, inadzuka. "Mwini dziko, tonsefe tinabadwira m'mbali mwa mitsinje. Madzi amasefukira ndi mvula, amaphwa ndi chilimwe. Munthu uyu timamudziwa. Kapena akunama monga mwa masiku onse, kapena adani amunyengerera kuti atitsogolere kokatigwira. Amwe mwabvi!"

Mwabvi unali chiweruzo cha makolo: wonama ankafa nawo, wonena zoona ankausanza. Nabanda, mkazi wa Kadzitche, anamugwira mkono misozi ili mbwembwembwe. "Bambo a Tiyanjane, ingovomerani kuti mwawonjezera. Akusekani basi, koma mukhala moyo."

"Mayi, ndikavomera, anthuwa sasamuka, ndipo chaka chamawa Tiyanjane ali m'goli. Ndanama kambiri, inde. Izi zokha ndaziona ndi maso."

Anamwa chikho chonse. Anazungulira bwalo kawiri, nagwa chafufumimba. Kenaka anasanza. Nthungululu imene inamveka tsiku limenelo ati inathawitsa mbalame m'mitengo.

Koma mwabviwo unamufoola thupi, sanayendenso. Paulendo anamunyamula pamachira, akuloza njira ndi chala. Atawoloka mchenga uja onse, ana, mbuzi ndi mbewu zomwe, anamukweza pakhoma. Posakhalitsa madzi anayamba kukwawa, nakumana pakati, njira nkutsekeka. Anthu anavina, ena akulira. Chipwaira anakwera pakhomapo, nagwada pamapazi opuwala a Kadzitche.

Achifwamba anafikadi chaka chotsatira, koma m'lingamo sanagwiremo munthu ngakhale mmodzi. Kuyambira pamenepo mbumba ya Nthondwe sinamwetsenso mthenga mwabvi. Munthu akabwera ndi nkhani yovuta kukhulupirira, amayamba atuma wina kuti akaone.