Mipando Iwiri ku Arena ya Sheffield

Misozi anakumana ndi Eston pamalo okwerera thiramu pakati pa mzinda wa Sheffield, mwezi wa Novembala chaka cha 2006. Kunkagwa kamvula kowaza kaja, kooneka ngati kopanda mphamvu koma konyowetsa mpaka malaya am'kati. Misozi anali atangoweruka ku chipatala komwe ankagwira ntchito ya unamwino, ndipo ankang'ung'udza kanyimbo ka country osadziwa kuti mawu akumveka.

"Imeneyo ankaiika pa wayilesi Lamulungu m'mawa, ife tikusita zovala za kutchalitchi," anatero munthu wina kumbuyo kwake, m'Chichewa.

Misozi anatembenuka. Anali mwamuna wamtali, wovala tayi, atagwira ambulera yakuda.

"Mwadziwa bwanji kuti ndine Mmalawi?"

"Mtsikana wakuda woimba country pamvula? Ngati si Mmalawi ndiye kuti ndi wa ku Zambia. Ndangoyesa mwayi."

Misozi anaseka. Koma chimene chinamukhudza si nthabwalayo ayi. Anaona kuti ambulera ija inali itasuntha kale mwakachetechete n'kumuphimba iye, pomwe phewa la mwini wake linkanyowa.

Eston ankakhala ku Bradford, ndipo ntchito yake ya zamakompyuta inkamubweretsa ku Sheffield kawiri pa sabata. Misozi sanali munthu wotengeka ndi mawu. Iye ankayang'ana tinthu ting'onoting'ono. Eston sankachoka pa siteji thiramu ya Misozi isananyamuke. Anangouzidwa kamodzi kokha kuti Misozi samwa tiyi wa shuga, ndipo sanaiwalenso. Shifiti ikatalika, foni inkalira m'thumba la yunifolomu.

"Duwa langa, wadya? Odwala akufuna nesi wamphamvu, nanenso ndikumufuna."

Panali zina zomwe Misozi ankazidabwa. Ku Bradford sanaitanidweko. "Ndimakhala ndi anyamata anayi, babe, nyumba yake ungathawe," Eston ankatero. Ku misonkhano ya Amalawi nakonso sankapita. "Anthu akwathu miseche. Chikondi chathu chiyambe chakhwima kaye."

Misozi anapemphera miyezi isanu asanauze munthu aliyense. Kodi mtima ungapatsidwe kwa munthu chifukwa cha ambulera ndi kapu ya tiyi? Koma tsiku lina mu Epulo, ali pa benchi m'paki, Eston anamugwira manja onse awiri.

"Misozi, chaka chino chisanathe amalume anga akaonekera kwa amalume ako ku Zomba. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu."

Sabata yotsatira Misozi anaimbira amayi ake n'kunena mwamanyazi kuti pali munthu. Amayi anaimba nthungululu pa foni mpaka khadi loimbira foni linatsala pang'ono kutha.

"Amalume ako akufuna dzina lake ndi kwawo," anatero patapita masiku. "Uwaimbire Lamulungu likubwerali akatuluka m'tchalitchi. Akhala akudikira."

Loweruka la sabata yomweyo ndi limene woimba wina wachikulire wa ku America, amene nyimbo zake Misozi anakula nazo, ankadzaimba ku Arena. Eston anali atagula matikiti awiri.

"Kumeneko kukadzaza azungu okhaokha a zipewa zazikulu," anatero akuseka. "Tikakhala awiriwiri, popanda wotiyang'ana."

Anafika dzuwa lisanalowe. Anthu anali yakaliyakali, agogo achizungu atavala majombo ndi zipewa za oweta ng'ombe, ena akugula mowa m'makapu apulasitiki. Kwa nthawi yoyamba Eston anamugwira dzanja pagulu, zala zitalukana. Misozi anathokoza Mulungu chamumtima. Mawa lomwelo dzina la munthuyu lidzakhala m'kamwa mwa amalume!

"Iii! Bambo a Clara! Nanunso muli kuno?"

Mawuwo anachokera pa mzere wa kuchimbudzi. Panali amayi asanu ndi mmodzi a Chimalawi, ndipo wamkulu mwa iwo, wonenepa, wovala duku lofiira ndi jekete yachikopa, ankabwera atatambasula manja.

Dzanja la Eston linachoka m'dzanja la Misozi ngati lakhudza mbaula.

"Amayi Agatha," anatero ndi mawu ouma. "Mwachoka ku Hull?"

"Nanga mdala ameneyu angaimbe ku England ife osabwera? Tachita hayala minibasi! Winayo wasinthanitsa mashifiti awiri." Mayiyo anatembenukira kwa Misozi n'kupinda mawondo pang'ono. "Muli bwanji, asisi? Ine ndi mayi a Clara tinali kwaya imodzi ku Ndirande."

"Awa ndi a Misozi," anatero Eston mofulumira. "Timapemphera limodzi."

"Eya, pempherani ndithu, mapemphero akuyankhidwa! Mayi a Clara anandiimbira dzana, akuti visa yatuluka. Pa twente akutera ku Manchester ndi mwana, eti? Zaka zitatu banja lili kosiyana si masewera, bambo a Clara. Mulungu ndi wabwino!"

Amayi Agatha anayang'ana Eston, kenako anayang'ana Misozi, diresi lake latsopano ndi tsitsi longoluka kumene. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono.

"Tionana m'kati," anatero motsitsa mawu, n'kubwerera kwa anzawo.

Misozi sanadziwe kuti miyendo inamufikitsa bwanji pa mpando. Anangopezeka atakhala, pamwamba penipeni, anthu zikwizikwi akusokosera pansi pake.

"Babe, ndimvere," Eston ananong'ona. "Ndimafuna ndikuuze. Ukwati umenewuja unatha kale mumtima mwanga. Ndikuwabweretsa chifukwa cha mwana basi."

"Clara ali ndi zaka zingati?"

"Zinayi."

"Amakudziwa?"

"Pa foni. Misozi, ndimakonda iwe. I swear!"

Magetsi anazima, anthu anakuwa, ndipo mdala uja anatulukira ndi gitala yake, akuyenda pang'onopang'ono. Mawu ake anali omwe aja, ofatsa ngati munthu amene sanakalipirepo mwana. Misozi ankaganiza za mkazi amene sanamuonepo, akulongedza sutikesi ku Ndirande, akutsanzika kwaya, akuphunzitsa kamtsikana kunena kuti adadi. Mkazi ameneyo nayenso ankapemphera, kwa Mulungu yemweyo. Kodi mapemphero awo awiri ankakumana pati?

Ndipo ambulera ija, tiyi uja, zonse zija zinali bodza? Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti mwina sizinali bodza. Munthu akhoza kukhala wachifundo pa tinthu ting'onoting'ono, n'kukhala wankhanza pa chinthu chachikulu.

Nthawi yopuma itakwana, Amayi Agatha anakwera masitepe onse aja akupumira m'mwamba. Eston sanawayang'ane n'komwe.

"Mwanawe," anatero kwa Misozi, "ku mzere kwathu kuli mpando wa munthu amene ntchito yamugwira. Tiye ukakhale nafe."

Misozi anatenga kachikwama kake n'kuimirira.

Amayi aja sanamufunse kanthu. Wina anamusunthira chovala, wina anamupatsa switi. Nyimbo zitayambanso, anaimba mawu onse, vesi ndi vesi, kuposa azungu amene anawazungulira, mpaka gogo wina wa chipewa anatembenuka n'kuwaombera m'manja. Misozi analira mwakachetechete. Amayi Agatha anapitiriza kuimba maso ali kutsogolo, dzanja lawo lili pa bondo la Misozi.

Lamulungu Misozi anapita ku tchalitchi monga mwa nthawi zonse. Potuluka anapeza mameseji asanu ndi awiri ochokera kwa Eston.

"Mtima wanga, ndipatse miyezi itatu yokha ndikonze zinthu."

"Duwa langa, usandisiye. Popanda iwe sindine kanthu."

Anakhala pa bedi nthawi yaitali foni ili m'manja. Ankamukondabe, ndipo sanafune kudzinamiza pa zimenezo. Kenako anakanda khadi n'kuimba ku Zomba. Amalume anayankha foni itangolira kamodzi.

"Misozi! Cholembera ndagwira kale. Dzina lake ndani, kwawo n'kuti?"

"Malume, pepani ndakuvutitsani. Munthu uja ali ndi banja lake. Ndadziwa dzulo."

Pa foni pankamveka tambala akulira kutali.

"Wachita bwino kunena, mwana wanga," anatero amalume. "Amayi ako ndikawauza ndine. Iwe wadya?"

Apo m'pamene Misozi analira mokweza.

Atasamba kumaso, anatsegula meseji yomaliza ya Eston. Analemba, anafufuta, analembanso. Pomaliza anatumiza mawu ochepa.

"Bambo a Clara, pa twente mukafike msanga ku eyapoti, asakakudikireni. Mukatenge majekete awiri, wamkulu ndi waung'ono. Sakudziwa kuti kuno kumazizira ngakhale mu Meyi. Ine musandiimbirenso."