Tizilombo ta m'Botolo la Dyness

Dyness anali ndi botolo. Linali botolo lalikulu la maswiti. Koma munalibe maswiti. Munali matope, ndere ndi madzi a kudambo. M'madzimo munali tizilombo tating'ono kwambiri. Dyness ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti tizilomboto tisafe.

Botololi anakonza ndi bambo ake. Bambo ake anali mphunzitsi ku Mzimba Boma. Kwawo kunali ku Dowa. Iwo anatola babu la magetsi lakupsa. Anachotsa za m'kati. Anathiramo madzi oyera. Ukayang'anira pa babulo, kanthu kakang'ono kankaoneka kakakulu.

Dyness ankakonda kuyang'ana. Kena kankadumphadumpha. Kena kankazungulira ngati kaledzera. Kena kankabereka mazira kumsana.

"Ababa, kodumphaka kali ndi mtima?"

"Kali nawo. Ona, ukugunda."

Tsiku lina masana kunabwera galimoto. Munatuluka amuna osaseka. Anati bambo a Dyness analankhula zoipa za boma. Masiku amenewo munthu sankafunsa zambiri. Bambo anavala jekete. Anagwira Dyness pamutu.

"Undisungire tizilombo tathu," anatero. "Ndidzatione ndikabwera."

Galimoto inapita. Amayi analira. Dyness analiranso.

Aboma anawatulutsa m'nyumba ya aphunzitsi. Anthu akaona amayi panjira, ankayang'ana kumbali. Ankaopa. Anzake a Dyness anasiya kubwera.

Mayi mmodzi yekha sanaope. Anali Anyina Zondwayo, ogulitsa masamba pamsika.

"Zaninge kwa ine," anatero m'chilankhulo cha kumeneko, kuwaitanira kwawo. "Kanyumba kalipo. Nkhachoko, kweni mbwenu mugona. Tiyeni, ndapota."

"Yewo, amama," anayankha amayi a Dyness.

Amayi anasenza katundu. Dyness anasenza botolo. Anayenda pang'onopang'ono kuti madzi asatayike.

Miyezi inapita. Bambo sanabwere. Dyness anayamba kuganiza. "Tizilombo tikakhala moyo, ababa abwera. Tikafa, sabwera." Palibe anamuuza zimenezi. Anangoganiza yekha. Ndipo sanauze munthu.

Anaopa kuti tili ndi njala. Anatapa gaga wa nkhuku. Anathira m'botolo. Lero gaga. Mawa gaga. Mkuja gaga. Koma iwe Dyness, tizilombo si anapiye! Tinali ndi chakudya chake m'madzi momwemo.

Madzi anachita mbuu. Anayamba kununkha. Dyness anayang'anira pa babu. Kodumpha sikanadumphe. Kozungulira sikanazungulire. Kobereka mazira kanagona pansi. Tonse tinafa.

Dyness anachita mantha kwambiri. Anabisa botolo pansi pa nkhokwe. Dzuwa la Okutobala linaswa mtengo. Madzi anauma. Matope anang'aluka.

Dyness anasiya kusewera. Anasiya kudya bwino. Anasiya kuyang'ana kumsewu.

"Mwanangu, ukudwala?" anafunsa amayi.

"Ayi, amayi."

"Nanga n'chiyani?"

Dyness anayang'ana pansi. Mumtima ankati, "Ababa sabweranso. Ndalakwa ndine."

Mvula yoyamba inagwa. M'mawa wina pakhomo panafika munthu. Anali wowonda. Tsitsi lake linali la imvi. Ankayenda ndi ndodo. Amayi anaponya tsache pansi. Anathamanga akulira. Anali bambo a Dyness!

Koma Dyness sanathamangire kwa iwo. Anathawira kuseri kwa nkhokwe.

"Dyness, uli kuti?" anaitana bambo.

Anamumva akusisima. Anapita pang'onopang'ono. Anakhala naye pansi.

"Ababa, ndinatipha," anatero Dyness. "Ndinatipatsa gaga wambiri. Ndimayesa simubweranso chifukwa cha ine."

Bambo anamukumbatira. "Ayi, mwanangu. Si iwe unanditengetsa. Si iwe unandichedwetsa. Ukanaswa ndi botolo lomwe, ine ndikanabwerabe."

Dyness analira kwambiri. Bambo anamusiya alire.

Kenako bambo anapisa dzanja m'botolo. Anakhudza matope ouma.

"Matope sunataye?"

"Ayi, ababa."

"Wachita bwino. Katunge madzi a mvula."

Dyness anatunga madzi mumphika wa pakhonde. Anathira m'botolo. Anaika botolo pazenera. Anayang'anira pa babu.

"Mulibe kanthu, ababa."

"Dikira."

Mawa lake anayang'ananso.

"Mulibe kanthu, ababa."

"Dikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Dyness anadikira. Kudikira kunali kowawa. Koma anadikira.

M'mawa wina anaona kadontho. Kadontho kanagwedezeka. Kadontho kanadumpha!

"Ababa! Amayi! Kakudumpha! Kachokera kuti?"

"Kachokera m'dzira," anatero bambo. "Mazira ake amagona m'matope. Dzuwa siliwapha. Amangodikira madzi."

Amayi anabwera kudzaona. Anyina Zondwayo anabweranso. Anatsinzina diso limodzi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Aa! Kachoko chomene, kweni kakuvina!" anatero. Onse anaseka.

"Ababa, onani nanunso," anatero Dyness.

Bambo anatenga babu. Analisendeza pafupi. Analisendeza patali. Kenako analibweza.

"Kumene ndinali kunali mdima," anatero. "Maso anga afooka. Sindikuona kanthu."

Dyness anamva chisoni. Anayang'ana bambo ake. Anayang'ana botolo. Kenako anakwera pamiyendo pawo. Anaika diso pa babu.

"Ndikuuzani ine, ababa. Kakwera pamwamba. Tsopano katsika. Ii, kabwera kena! Tikuthamangitsana."

Bambo anatsinzina. Anamwetulira.

"Pitiriza, mwanangu," anatero. "Tsopano kakutani?"