Chigafa cha pa Invoisi

Nkhaniyi ndinayimva koyamba ku Santhe, pakhonde la sitolo ya a Twaha, chaka chija ndinkayendayenda ndi matayala a njinga, mawondo asanayambe kundiwukira.

Fumbani anakulira pakhomo labwino ku Kapelula. Bambo ake, a Tsoka, anali mkulu wa mpingo, mlimi wosadziwa kubisa fodya woola pakati pa belo. Mnyamatayo ataphunzira ukalipentala, kampani ina ya fodya inkamupatsa maganyu omangira alimi ake zigafa zoyanikamo fodya. Akamanga ankalemba invoisi, pepala lofunsira malipiro lokhala ndi dzina la mlimi, mlangizi wa kampani n'kusayina kuti waona ndi maso, ndalama n'kubwera pakatha mwezi. Mtengo wa chigafa kampani inkadzaudula kwa mlimi pogulitsa fodya.

"Ndalama zimenezi ungakwatire nazo?" anamuseka Chancy, mlangiziyo. "Wamanga zisanu, lemba zisanu ndi chimodzi. Wosayina ndine. Tigawana."

"Nanga mwini dzina akadandaula?"

"Ika dzina la munthu woti sangakutengere kupolisi, chitsiru iwe!"

Fumbani analemba dzina la bambo ake. Zitadutsa, anawonjeza mayina ena. Posakhalitsa pakhomo panaima njinga yamoto.

"Zigafa zisanu zabereka njinga?" anafunsa mayi ake, a Ezelina. "Mwana iwe, cholembera chimatema kuposa nkhwangwa."

"Za ku ofesi simuzidziwa, amayi. Zisiyeni."

Mu Febuluwale mvula yamphepo inagwetsa chigafa chakale cha a Tsoka, fodya ali m'kati. Atapita ku kampani kukapempha chatsopano, kalaliki anawakalipira: "Madala, mukufuna ziwiri? Munalandira kale. Invoisi yake nayi!"

A Tsoka anayang'ana pepalalo. Kalembedweko anakazindikira kuti ndi ka Fumbani, poti anamuphunzitsa kugwira cholembera ndi iwo.

Sabata isanathe, galimoto ya kampani inaima pakhomo, mabwana ndi Chancy atabwera kudzaona chigafa cha papepalacho. Fumbani anawakokera bambo ake kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, mitengo yakugwayo ili apo. Ingonenani kuti chagwacho ndi chomwe ndinamanga ine. Mawu amodzi basi."

"Wandibera fodya, tsopano ukufuna undibere ndi pakamwa pomwe?"

A Tsoka anatuluka n'kuloza mitengoyo. "Ichi ndinamanga ndekha, mwanayu akadali kupulayimale. Cha papepalacho sindinachionepo. Funsani mwini dzanja."

Chancy analumpha ngati waponda moto: "Wakuba uyu anandinamiza!" Iye anangochotsedwa ntchito. Fumbani anagamulidwa zaka zitatu, njinga inalandidwa, ndipo fodya wa a Tsoka anaolera pansi. Kundende a Ezelina ankapita okha.

Ndiye inu achinyamata, mverani: invoisi ndi lumbiro. Ukalembapo chomwe manja ako sanagwire, alipo amene adzalipire, ndipo kawirikawiri amakhala amene anakubereka.

A Tsoka? Ndinawaona chaka chatha akuzika okha mitengo ya chigafa, msana utapindika. Za mwana sindinafunse.

Tandipatsani chipewa changacho. Lole ya ku Nkhamenya yomwe ndikwere yaliza kale hutala, ndipo siidikira munthu.