Mapepala Obooka a Sharif

Anzanga, za Lukiya nde zimandiseketsa kkkk, koma kumapetoko misozi!

Anakumana ndi mnyamata wina pa siteji ya Naisi akudikira minibasi. Mnyamatayo ankanunkha utsi.

"Achimwene, malaya anu akupsa kapena?" anafunsa Lukiya.

"Ayi chemwali, ndi ntchito. Ndimadula mapepala ndi makina a leza ku shopu ya makhadi aukwati ku Zomba. Kamoto kake kamayenda kokha ngati singano. Ndine Sharif, koma inu muzingoti wanga."

Eee kkkk! Nambala inapita pompo.

Lachisanu Sharif anafika kwawo kwa Lukiya, kwa Malemia, ndi pepala lolimba labuluu, lobookabooka.

"Sunga ili, mtima wanga. Sabata iliyonse ndizibweretsa limodzi. Palokha silioneka kanthu. Tikadzasanja onse, lina pamwamba pa linzake, udzaona chimene ndimaona ine."

Koma Sofia, mnzake wa Lukiya, pakamwa! "Anzathu akulandira mabando a pafoni ndi mafuta odzola, iwe mapepala odyedwa ndi chiswe?"

Lukiya manyazi anamugwira. Kenako mvula inakula, makala ananyowa, zitumbuwa za geni zikudikira. Pa mapepala a Sharif aja anatenga lobiriwira n'kuyatsira mbaula. Kuyaka kwake! Mawa lake lachikasu. Basi chinasanduka chizolowezi.

Meseji ya Sharif inalowa: "Dona wanga, ukusunga?"

"Onse ali mu sutikesi wokondedwa. Sindingataye ngakhale kachidutswa."

Bodza limenelo! Bwanji osangonena zoona?

Lachisanu lomaliza Sharif anabwera pochokera ku mzikiti, atanyamula felemu ndi pepala loyera.

"Bweretsa onse tisanje. Amalume ndawauza kale, Lamulungu akudzaonana ndi amalume ako."

Mayo ine! Lukiya analowa m'nyumba n'kutuluka ndi awiri okha.

"Enawo?"



Sharif anayang'ana pakhonde. M'phulusa la mbaula munali kakona ka pepala lofiira kosapsa bwino. Anakatola, n'kukapukuta ndi chala. Kenako anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chonse mmene chikanakhalira: phiri la Zomba kumbuyo, siteji ya Naisi, ndipo pakatipo Lukiya ndi mpango wake, akuseka ngati tsiku lija.

"Nkhope yako inali pa omwe wawotchawo."

"Pepa Sharif wanga! Makinawo sangadulenso ena?"

"Angadule mawa lomwe, sachedwa. Mapepala si nkhani, Lukiya. Ndinkakufunsa sabata iliyonse, iwe unkati ali mu sutikesi."

Anaika felemu pa mkeka n'kumapita. Amalume aja Lamulungu sanabwere.

Lukiya anasanjabe atatu otsalawo n'kupachika kuchipinda. Ndinakaona ndekha, ndipo nthawi iyi sindinaseke. Phiri lilipo, siteji ilipo. Pamene panayenera kukhala iyeyo pali bowo, ukungoona khoma.