Linki ya Masiku Asanu ndi Awiri

Tsiku limene anakumana, mnyamatayo analowa mu shopu yosokera zovala atafumbata kafulashi ka kompyuta ngati wanyamula dzira.

"Pepani, ndikufuna mayi womasulira mawu. Andiuza kuti amapezeka muno."

Telala, mayi wojintcha amene ankadula nsalu, analoza pakona ndi sizasi. "Ndi uyo watseka makutuyo. Iwe Namawu, kwabwera anthu."

Namawu linali dzina limene telalayo, yemwe anali mkulu wake, anamupatsa ali mwana, chifukwa sankalola munthu kulakwitsa liwu iye ali pompo. Tsopano ankadzigwirira yekha ntchito yomasulira. Ofesi yake inali tebulo limodzi ndi laputopu, pakati pa makina osokera ndi chidole choyezera madiresi. Makasitomala ake ankatumiza ntchito pa imelo, ndipo ambiri sankawadziwa n'komwe nkhope.

"Ndine wojambula makanema," anatero mnyamatayo. "Ndili ndi makanema ophunzitsa azamba, akufunika mawu olembedwa m'munsi. Imelo yakana, akuti fayilo yakula. Ndayesa pafoni, chithunzi chafika ngati ndajambulira m'madzi. Ndiye ndangoti ndibwere nayo ndekha."

Namawu analowetsa fulashi ija mu laputopu, n'kuitsegula. Fayilo iliyonse inali ndi dzina lake ndi tsiku lake. Mawu ankamveka bwinobwino, popanda mphepo kapena galu wouwa kumbuyo. Panalinso kapepala kofotokoza mawu ovuta a azamba, limodzilimodzi. Pa zaka zisanu za ntchito yake, palibe kasitomala amene anamuganizirapo chonchi.

Atsikana ena amakopeka ndi nsapato, ena ndi ndevu zometa bwino. Namawu wathu anakopeka ndi mafayilo osanjidwa mwadongosolo.

"Mwachita izi nokha?"

"Ndinaganiza kuti amene adzamasulire nayenso ndi munthu, asavutike."

Kuyambira pamenepo mnyamatayo ankabwera Lachiwiri lililonse ndi ntchito yatsopano. Kukopera makanema kunkatenga mphindi makumi anayi, ndipo nthawi yonseyo ankakhala pakampando ka makasitomala n'kumacheza. Namawu anamutcha "a Kamera". Mnyamatayo ankamutcha "Dona wa Mawu".

"Dona wa Mawu, mumadziwa kuti mzamba uja analira ataona kanema wake? Akuti mwamasulira ndi mtima wake womwe."

"Musandinamize, a Kamera."

"Ine kunama sinditha. Kamera inandiphunzitsa kuonetsa zimene zilipo."

Mameseji nawo anayamba kuyenda. "Mwadzuka bwanji, inu amene mumapatsa zithunzi zanga pakamwa?" Namawu ankawerenga kawiri, n'kuyankha mwaulemu ngati kalata ya ku ofesi, koma akumwetulira yekha.

Tsiku lina anamufunsa ngati satopa ndi ulendo wa mabasi awiri. Mnyamatayo anagwira pachifuwa.

"Bola miyendo ilipo, fulashi izibwera ndi mwini wake. Limeneli ndi lonjezo."

Kenako linafika Lachiwiri la mvula. A Kamera analowa atanyowa mpaka masokosi, akunjenjemera, koma fulashi ili youma m'kapepala ka pulasitiki mkati mwa malaya. Namawu anamva chisoni kwambiri. Munthu wabwino chonchi azivutika chifukwa chiyani pamene njira yosavuta ilipo?

Makanema akukopedwa, iye anatsegula foda ya pa intaneti yoti aziigwiritsa ntchito awiriwo.

"Taonani. Muzingoika mafayilo umu muli kwanu, ine ndizitsitsa kuno. Ndikamaliza ndizibwezera momwemo. Simuyeneranso kuvutika."

"Ndiye kuti ndisamabwerenso?"

"Palibe chifukwa choti muzinyowa."

Mnyamatayo anayang'ana fodayo, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mwaikonza bwino kwambiri. Zikomo."

Atatuluka, telala anaimitsa makina. "Mng'ono wanga, sukulu unapita, koma nzeru zina unazisiya pageti. Wathamangitsa mlamu wanga ndi intaneti."

"Achemwali, ndamuthandiza."

"Eya. Wamuthandiza kupeza khomo."

Lachiwiri lotsatira mafayilo anafika m'foda nthawi yake, osanjidwa bwino monga kale. Kampando kaja kanakhala kopanda munthu. Mameseji okoma aja anafota mpaka kutsala mawu awiri: "Ndaika." "Ndalandira." Namawu ankadzutsa mutu aliyense akalowa pakhomo, n'kupeza kuti ndi mayi wodzatenga siketi. Anamusowa kwambiri, koma akanayamba bwanji kumuuza kasitomala kuti abwerenso adzanyowe?

Patatha mwezi, Lolemba m'mawa, kunabwera uthenga wokhala ndi linki yapadera.

"Dona wa Mawu, iyi si ya ntchito, n'chifukwa chake sindinaiike m'foda. Ndi yanu. Pakamwa ndimalephera, ndiye ndajambula. Mukaionera mundiyankhe. Mukakhala chete, ndimva."

Namawu sanachedwe. Anadina linkiyo. Fayiloyo inali ya magiga khumi ndi awiri, poti wojambula weniweni sadziwa kupanga kanthu kakang'ono. Laputopu inayankha mosanyengerera kuti malo adzaza.

Chimene chinadzaza malowo ankachidziwa yekha. Lamulo lake linali lakuti ntchito ikatha, mafayilo a kasitomala amafufuta. Ankatero ndi aliyense, kupatula munthu mmodzi. M'makanema osadulidwa aja munkamveka mawu a mnyamatayo kuseri kwa kamera, akulimbikitsa azamba amanyazi: "Mayi, musaope chigalasichi, muziyang'ana ine. Mukulankhula bwino kwambiri." Namawu akatopa ankavala mahedifoni n'kumamvetsera mawu amenewo. Awafufute? Dzanja linakana.

Anaganiza zogula hadi disiki yapadera yosungiramo mafayilo. Koma sabata imeneyo anali ndi chikalata cha masamba makumi asanu ndi atatu chofunika Lachisanu, ndipo Loweruka anapeza sitolo yotseka. Kuyankha uthengawo sanafune asanaone kanemayo. Munthu wosamala mawu ngati iye akanayankha bwanji chinthu chimene sanachimve?

Chimene anaiwala, iye amene ankachenjeza makasitomala za chomwechi, n'chakuti linki yotere imakhala masiku asanu ndi awiri basi.

Lachiwiri anafika ndi hadi disiki yatsopano, anapukuta tebulo, anavala mahedifoni, n'kudina.

"Nthawi ya linkiyi yatha. Fayilo yachotsedwa."

Anadinanso. Anadinanso kachitatu. Asanapume n'komwe, foni inalira. Unali uthenga wa a Kamera.

"Makina andiuza kuti simunaitsitse n'komwe. Ndamva, ndipo sindikukwiyirani. Ntchito yotsalayi ndipereka kwa wina kuti ndisamakuvutitseni. Munali womasulira wabwino kuposa onse amene ndinawadziwa."

Munali! Namawu anaimba foni kanayi, osayankhidwa. Anagwetsa nkhope pa mulu wa nsalu n'kulira ngati mwana.

Telala anamusiya pang'ono, kenako anasolola nsalu ija. "Iyi ndi ya mkwatibwi wa eni ake, usaidetse. Ukulira chiyani?"

"Achemwali, akuganiza kuti ndamukana. Sindikudziwa n'komwe zimene ananena."

"Ndiye ukufunsa ine? Miyendo anali nayo yekha? Nyamuka."

Namawu anakwera mabasi awiri aja koyamba, laputopu ili pamiyendo. Ulendowo unali wautali kuposa mmene ankaganizira, ndipo pa siteji iliyonse ankamusirira kwambiri munthu amene anauyenda miyezi inayi osadandaula.

Situdiyo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa malo ometera. Pakhoma anamatapo mathireyi a mazira kuti mawu azimveka opanda phokoso, ndipo zingwe zonse zinali zokulungidwa bwino, chilichonse pamsomali wake. A Kamera anali atatembenukira kompyuta. Atamuona anaimirira msangamsanga mpaka mpando unagwa.

Namawu sanapereke moni. Anatsegula laputopu patebulo n'kuitembenuzira kwa iye.

"Werengani."

Mnyamatayo anawerama. Makanema ake onse anali pamenepo, makumi atatu ndi limodzi, kuyambira wa tsiku loyamba.

"Amenewa munayenera kufufuta kalekale."

"Ndikudziwa. Ndi amene anadzaza malo, n'chifukwa chake fayilo yanu inakana kulowa. Ndinalephera kuwachotsa chifukwa muli mawu anu. Pamene ndimapeza pena poika, linki inali itatha." Namawu anamuyang'ana m'maso. "Foda ija ndinatsegula chifukwa munanyowa, osati chifukwa ndinatopa nanu. Nditumizireninso, chonde."

A Kamera anakanda kumutu. "Ndafufuta m'mawa uno. Ndinaijambula kakhumi ndi kamodzi kuti ituluke bwino, ndiye kuiona kunkandiwawa."

"Ndiye nenani pakamwa."

"Pakamwa ndi pamene pali vuto."

"Yesani. Ine ndamasulirapo anthu osokoneza kuposa inu."

Mnyamata amene ankalimbitsa mtima azamba pamaso pa kamera anayang'ana pansi, nayang'ana kudenga.

"Ine... Lachiwiri lija... intaneti ndili nayo yamphamvu kuno, kuyambira kale. Foda ndimaidziwa. Koma kampando kaja... ndi mmene mumakwinyira nkhope mukamasaka liwu... Mvula ija sindinaimve n'komwe. Ndiye mwezi uno, Lachiwiri likafika, ndimavala nsapato, kenako ndimavulanso. Mwina mukuona kuti... kaya."

Namawu anamvetsera mpaka kumapeto osamudula, monga amachitira pa ntchito. Kenako anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kuima mowongoka.

"Bamboyu akuti amandikonda," anatero pang'onopang'ono. "Akuti wakhala akundikonda kuyambira kale, ndipo akufuna kudziwa ngati nanenso ndimamukonda. Ndamasulira bwino?"

"Simunaphonye ngakhale liwu limodzi."

"Muwauze kuti yankho ndi inde."

A Kamera anamugwira manja onse awiri, akuseka, maso ali ofiira. "Ndiwauza, wokondedwa wanga. Koma bwerezaninso pang'ono, bamboyo sakukhulupirira."